Madzi Saiwala Khwawa

M'nyengo ya dzinja, anthu okhala m'tsinde mwa mapiri a Mulanje, Michesi, Zomba ndi Soche amadziwa kuti kumwamba sikupanganika. Kumacha dzuwa likuswa mtengo, koma pofika masana mitambo ya bii imakhala itakuta phiri lonse. Chifukwa chake nchodziwika. Mphepo yachinyontho yochokera ku nyanja yamchere ya India ikagunda phiri imakwera m'mwamba nizizira, ndipo chinyonthocho chimasanduka mvula. Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limakola mitambo yotere kawirikawiri. Motero mvula itha kukhuthuka pamwamba pamene kumunsi amayi akuyanika mphale, ndipo Likhubula, Ruo kapena Thuchila nkusefukira modzidzimutsa.

Pa chifukwa chimenechi, chenjezo la mvula yamphamvu lochokera ku nthambi ya boma yoona zanyengo liyenera kulandiridwa monga momwe makolo amalandirira uthenga wa katemera. Katemera amaperekedwa mwana asanadwale, ndipo chenjezo nalo limadza kunja kukali bwino. Munthu wonyoza chenjezo poona kuti dzuwa likuwala afanana ndi kholo lokana katemera poona kuti mwana akusewera.

Mbiri ya mapiriwa ikuchitira umboni. Mu Disembala 1946 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Zomba nkuononga milatho ndi nyumba. Mu Malichi 1991 phiri la Michesi ku Phalombe linagumuka, ndipo anthu mazanamazana anafa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope a m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, nasakazanso midzi ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Anthu oposa 600 anapezeka atafa, ena mazanamazana sanaonekenso, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Chenjezo la namondweyu linali litaulutsidwa pa wailesi mvula isanayambe.

Makolo akale ankatcha ngozi yotere Napolo, chinjoka chimene amati chimatuluka m'phiri kulowera kunyanja. Dzinali lasunga chikumbutso chofunika, koma Napolo ali ndi chiyambi chooneka ndi maso. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, dothi la m'phiri limakhuta madzi, limalemera, kenaka limatereka pamwamba pa thanthwe, likukokolola miyala ndi mitengo. Kumene nkhalango inatha ndi makala ndi minda, kulibe mizu yogwira dothilo. Zizindikiro nazo zilipo: mtsinje kuda mwadzidzidzi nkumabwera ndi zipika, madzi ake kuchepa pamene mvula ikugwabe, nthaka kung'aluka, mitengo kupendekeka, ndiponso mkokomo wochokera kuphiri. Woona kapena kumva izi asayambe wamanga katundu. Athawire pamalo okwera, kutali ndi khwawa.

Alipo ena amene amati chenjezo linaperekedwapo kale koma sikunachitike kanthu. Nzoona, pakuti odziwa zanyengo amanena za dera lonse, ndipo sangaloze khwawa limene ligumuke. Koma banja limene lagona kusukulu usiku uwiri nkubwerera kwawo lili lamoyo silinataye kanthu kosabwezeka. Ena amaopa kuti akuba atsala akulowa m'nyumba ndi m'khola, ndipo enanso amafunsa kuti apite kuti. Madandaulo amenewa ngomveka, ndipo sayenera kuyankhidwa ndi chipongwe. Yankho lake ndi kukonzekera mvula isanafike pachimake.

Nkofunika tsono kuti nyakwawa iliyonse, pamodzi ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndi mlangizi wa zaumoyo, agwirizane msanga za malo othawirako, kaya ndi sukulu kapena tchalitchi cha pamtunda. Asankhiretu oimba ng'oma kapena likhweru usiku, ndiponso onyamula okalamba, olumala ndi odwala. Ziweto zisamutsidwe kukali masana. Amayi oyembekezera amene masiku awo ayandikira apite kukadikirira kuchipatala milatho isanaduke. Banja lililonse lisunge m'pepala la pulasitiki mabuku a kuchipatala, makadi a kusikelo ndi mankhwala omwa tsiku ndi tsiku, monga a TB, a shuga ndi ma ARV. Ana asukulu asaloledwe kuoloka mtsinje wodzaza, ngakhale pamene amaolokapo masiku onse.

Madzi akaphwa, ngozi siinathe. Zimbudzi zogumuka zimathira zonyansa m'zitsime, ndipo apa mpamene kolera ndi kamwazi zimayambira. Mliri wa kolera umene unabuka mu 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi akumwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa kolorini, ndipo m'manja muzisambidwa ndi sopo pochokera kuchimbudzi ndiponso asanagwire chakudya. Wotsegula m'mimba apatsidwe madzi a Thanzi ORS nthawi yomweyo, ndipo azimwabe ali pa ulendo wa kuchipatala. M'zithaphwi mumaswana udzudzu, choncho masikito asaiwalike ngakhale kumalo othawirako.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Chenjezo liyenera kufika m'chilankhulo chimene anthu amamva, kudzera pa wailesi, pa lamya za m'manja ndi mwa mafumu, ndipo litchule maina a madera ndi mitsinje. Kumalo othawirako kukhale zimbudzi ndi madzi abwino, kuti wopulumuka ku matope asakafe ndi kolera.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Pamene anadzera mu 1946, mu 1991 ndi mu 2023 adzadzeranso, kaya papite zaka zingati. Mudzi wanzeru ndi umene udziwiratu kothawira, ndipo chenjezo likamveka unyamuka dzuwa likali kuwala.