Uchi Wosungunula Usagonere M'botolo

Nyengo yotentha ino, mabanja ambiri kuno ku Namitambo tikumasungunula uchi m'madzi, kufinyiramo mandimu, n'kuthira m'mabotolo kuti tidzamwe pa Sabata masana. Cholinga n'chabwino, chifukwa tikuthawa zakumwa za m'magolosale. Koma tidziwe kuti uchi, madzi ndi masiku angapo, basi mowa wa uchi wapsa. Ku Ethiopia mowawu amautcha tej, ndipo chiyambi chake n'chomwechi. Ife amene tinalonjeza pobatizidwa kuti sitidzamwa zoledzeretsa tikhoza kufulula mowa m'nyumba mwathu osadziwa, n'kumwetsanso ana.

Zimatheka bwanji? Uchi wokhwima uli ndi madzi ochepa, pafupifupi magawo 18 pa 100 alionse. M'menemo yisiti wachilengedwe amangogona, n'chifukwa chake uchi umakhala zaka osaonongeka. Tikathiramo madzi, yisitiyo amadzuka n'kuyamba kudya shuga, ndipo amatulutsa zinthu ziwiri: mowa ndi mpweya. Kukatentha ngati mu Okutobala, ntchitoyi imatha kuyamba pa tsiku limodzi kapena awiri. N'zomwe zimachitikanso ndi thobwa likagonera.

Zizindikiro zake sizivuta. Pamwamba pamabwera thovu. Botolo lapulasitiki limalimba gwa, ndipo potsegula limalira kuti psii. Chakumwacho chimanunkha kusasa ndi kuluma lilime. Tikaona zimenezi titaye, ngakhale uchiwo tinagula modula. Kuonjezeramo shuga sikuchotsa mowa, kumangodyetsa yisiti. Mabotolo agalasi ndiye oopsa kwambiri, pakuti mpweya ukachuluka amaphulika, magalasi n'kuvulaza mwana m'maso.

Nanga tichite chiyani? Chakumwa cha pa Sabata tikonze Lachisanu masana, osati Lachitatu kapena Lachinayi. Mabotolo titsuke ndi sopo ndi madzi otentha, makamaka ngati tinawatola atagwirapo kale ntchito. Madzi akhale owiritsa, atazizira. Tikatero tiike mabotolowo mufiriji, kapena mumtsuko wa madzi pamalo ozizira, ndipo chakumwacho chithe dzuwa la Sabata lisanalowe. Tikumbukire kuti kuzizira kumangochedwetsa yisiti, sikumupha.

Popita ku msonkhano wa misasa, uchi tinyamule paokha m'botolo louma lotseka bwino, tizikasungunula m'kapu nthawi yomwera. Amayi a Dorika ogulitsa thobwa pofuna kupeza ndalama za mpingo, tiphike longokwanira tsiku limenelo.

Pomaliza, mwana wosakwana chaka chimodzi tisamupatse uchi ngakhale kadontho, chifukwa mumatha kukhala tizilombo toyambitsa matenda a botulism amene amafooketsa thupi lonse mpaka kulephera kupuma. Odwala matenda a shuga adziwe kuti uchi nawonso ndi shuga, ayambe afunsa kuchipatala. Pa mapemphero a banja sabata ino tiwerenge Miyambo 25:16, tione muyeso umene Mulungu anatiikira pa chakudya chokomachi.