Mafuta a Kokonati ndi Nthenda ya Chithokomiro: Mawu kwa Abale a ku Gombe la Mbamba Bay

Mwa madalitso onse amene Mlengi anaika pa gombe la kum'mawa kwa nyanja yathu, kuyambira ku Chiwanda, kudzera ku Mbamba Bay ndi ku Liuli, kufikira ku Mbaha ndi ku Lituhi kumene mapiri amatsikira m'madzi, palibe limene mlendo amaliona msanga ndi kulikumbukira nthawi yaitali koposa mitengo ya kokonati. Ndipo popeza munthu amakonda kukhulupirira kuti mankhwala a nthenda yake ali pakhomo pake pomwe, sindidabwa kuti mbiri imene yafika masiku ano pa lamya za m'manja, yakuti supuni ziwiri za mafuta a kokonati m'mawa uliwonse zimadzutsa chithokomiro chofooka ndi kubwezera mphamvu m'thupi, yalandiridwa ndi manja awiri. Ine ndikutsutsa mbiri imeneyi, ndipo ndikutero ndi mtima wolemera, pakuti amene akuigwiritsitsa ndi anthu odwala, makamaka amayi, amene anatopa n'kutopa ndipo akufuna wowamvera chisoni.

Chithokomiro ndi kachiwalo kakang'ono kamene kali kutsogolo kwa khosi, pansi pa kholingo, ndipo ntchito yake ndi kupanga timadzi ta mphamvu timene madokotala amatitcha T4 ndi T3, timene timayenda ndi magazi kukalamula chiwalo chilichonse liwiro limene chiyenera kugwirira ntchito: kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kugaya kwa chakudya, ngakhale kufulumira kwa maganizo. Timadzi timeneti tikachepa, munthu amalefuka ngakhale wagona usiku wonse, amamva kuzizira pa dzuwa la mwezi wa October pamene anzake akuthawira pa mthunzi, khungu limauma, tsitsi limathothoka, kuchimbudzi kumavuta, mawu amasasa, nkhope imatupa, thupi limalemera chakudya chisanawonjezeke, ndipo mayi amataya magazi ambiri pa msambo kapena kupita padera kawirikawiri. Kumudzi anena kuti magazi amuchepera. Ena anena kuti ndi ulesi. Ndipo sasowa wonong'ona kuti pali dzanja la munthu. Kodi pali chipongwe choposa kutcha waulesi mayi amene thupi lake likukana kuyaka?

Tsono mbiri ya mafutayi siinachoke pachabe, ndipo ndi bwino kuiweruza mwachilungamo. Alipo mafuta ena opepuka, amene ophunzira amawatcha MCT, amene thupi limawatengera kuchiwindi mofulumira ndi kuwaotcha msanga koposa mafuta ena, ndipo pamene anayesedwa anaoneka kuti amawonjezera pang'ono, kwa maola owerengeka, kutentha kumene thupi limatulutsa. Koma mafuta amene anayesedwawo ndi osefedwa m'fakitale, ndipo m'mafuta a kokonati amene mayi amatenga popala nazi, ndiye chipatso cha kokonati, ndi kuwiritsa mkaka wake, mtundu wopepukawo ndi gawo laling'ono. Pafupifupi theka lake ndi mtundu wina, wotchedwa lauric acid, umene thupi limauyendetsa pang'onopang'ono monga mafuta ena onse. Choposa apo, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, chithokomiro chimaumba timadzi take ndi ayodini, ndipo mafuta a kokonati alibe ayodini woti n'kumuwerengera, alibenso T4 kapena T3. Mafuta ndi nkhuni, timadzi ta chithokomiro ndi mvukuto. Ndipo wosula amene mvukuto wake wabooka, angaunjike nkhuni mpaka kudenga, chitsulo chake sichidzafiira.

Palinso choopsa chimene ogulitsa sachitchula. Mwa magawo khumi a mafuta a kokonati, oposa asanu ndi atatu ndi mafuta oundana, ochuluka kuposa a mu batala, ndipo supuni imodzi yaikulu ili ndi makalori pafupifupi 120. Bungwe la American Heart Association, m'chaka cha 2017, linachenjeza kuti mafutawa amakweza kolesterolo woipa m'magazi. Ndiye popeza chithokomiro chofooka chimakweza kale kolesterolo yemweyo ndi kunenepetsa thupi, wodwala amene amamwa supuni ziwiri kapena zitatu tsiku ndi tsiku akusenzetsa mtima wake katundu wina pamwamba pa umene ukulephera kale kunyamula. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma tiyeni tifunse funso limene lili la phindu kwa ife: n'chiyani chimafooketsa chithokomiro m'dziko ngati lino? Choyamba ndi nthaka. Mapiri a kumwera kwa Tanzania, a Amatengo, a Ludewa, a Njombe ndi a Makete, pamodzi ndi mapiri a kumpoto kwa Malawi kutsidya kwa nyanja, anatsukidwa ndi mvula kwa mibadwomibadwo kufikira ayodini wa m'nthaka anakokolokera kutali, kotero kuti chimanga ndi nyemba zomera pamenepo zimakhala zosauka ayodini, ndipo makosi otupa anali chinthu chozolowereka m'misika ndi m'matchalitchi a makolo athu. Munthu angaganize kuti ife a pagombe, amene usipa ndi mbasa sizisowa pa mbale, tinapulumuka. Koma nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere, ndipo nsomba zake, ngakhale zili chuma cha thupi m'njira zina zambiri, sizilingana pa ayodini ndi nsomba za m'nyanja ya mchere za ku Mtwara kapena ku Lindi. Chachiwiri ndi chinangwa, chimene chili moyo wathu wa tsiku ndi tsiku. Chinangwa chowawa chili ndi ululu umene, ngati sichinaviikidwe masiku okwanira ndi kuumitsidwa bwino, umasanduka m'thupi chinthu chotsekereza ayodini kulowa m'chithokomiro. Izi zinaonekera poyera pa chilumba cha Idjwi m'nyanja ya Kivu ndi kudera la Ubangi ku Congo. Agogo athu, amene sankavuula chinangwa chisanafewe ndi kununkha, analibe mabuku, koma anali kuteteza makosi a ana awo. Ndipo mayi amene njala kapena changu cha msika chimamukakamiza kuvuula tsiku lachiwiri, akuika nsima ya kondowole yoopsa pa mphasa.

Ndikufuna achinyamata adziwe kuti analipo mafuta amene anachiritsadi makosi m'dziko lino, ndipo sanali a kokonati. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1980 anaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi m'Tanzania anali ndi vuto lochokera ku kusowa kwa ayodini. Ndipo bungwe la boma loona za chakudya ndi thanzi, Tanzania Food and Nutrition Centre, linayamba chapakati pa zaka zimenezo kugawa timakapisozi ta mafuta osakaniza ndi ayodini m'maboma 27 amene nthendayi inali yoopsa, ndipo boma la Mbinga, limene panthawiyo linali kuphatikiza gombe lonse limene linadzakhala boma la Nyasa mu 2012, linali limodzi mwa iwo. Kapisozi wotere ankasunga ayodini m'thupi kwa chaka kapena ziwiri, ndipo mafutawo anali chotengera chabe. Mankhwala ake anali ayodini. Patapita zaka, mu 2009, ophunzira atatu, Erica Field, Omar Robles ndi Maximo Torero, anapeza kuti ana amene amayi awo anatetezedwa ndi makapisoziwo ali ndi pakati, anapita patsogolo pa sukulu koposa abale awo amene sanatetezedwe, makamaka atsikana. Taonani kukula kwa nkhaniyi: kachiwalo ka pakhosi pa mayi kakulamula nzeru za mwana asanabadwe! Pambuyo pake ntchitoyi inapatsidwa kwa mchere, pamene Tanzania inakhazikitsa malamulo a mchere wa ayodini m'ma 1990, ndipo Malawi inakhazikitsa lamulo lake mu 1995, kutsata njira imene Switzerland inayamba mu 1922.

Komatu si chithokomiro chilichonse chofooka chimene mchere ungachidzutse. Ilipo nthenda imene dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, anaifotokoza mu 1912, imene chitetezo cha thupi chimaukira chithokomiro cha mwini wake ndi kuchiwononga pang'onopang'ono. Alipo amene anachitidwa opaleshoni ya khosi lotupa, natsala ndi kachidutswa kosakwanira. Alipo amayi amene chithokomiro chimafooka atangobereka. Kwa onsewa njira inapezeka kalekale, kuyambira pamene dokotala George Murray wa ku England, mu 1891, anachiritsa mayi wina pomubaya ndi madzi ochokera m'chithokomiro cha nkhosa; ndipo lero njirayo ndi kambulu kakang'ono ka levothyroxine, kamene kali pa mndandanda wa mankhwala ofunika wa bungwe la World Health Organization, kamene munthu amamwa m'mawa ndi madzi okha, nadikira theka la ola kapena ola lathunthu asanadye phala kapena kumwa khofi, ndipo sakaphatikiza nthawi imodzi ndi mapiritsi owonjezera magazi. Mlingo wake sauyerekeza ndi maso. Amauona poyeza magazi, kuyeza kumene kumatchedwa TSH. Chimene ndikuopa koposa zonse ndi ichi, kuti wodwala amene anayamba kupeza bwino ndi mapiritsi ake, atamva kuti mafuta ndi achilengedwe ndipo mapiritsi ndi a azungu, adzawataya. Ndipo popeza nthendayi imabwerera mwakachetechete, masabata angapo akudutsa iye akuyamika mafuta, adzazindikira mochedwa, ndipo ngati ali ndi pakati, wolipira mtengo wake ndi mwana.

Sindikunyoza mtengo wa kokonati, ndipo ndingamve chisoni ngati wina atawerenga mawu anga nadula umodzi. Mpunga wophikidwa ndi mkaka wa nazi, nsomba ya msuzi wake, mafuta odzola pa khungu louma ndi pa tsitsi, ndalama ya fizi imene mayi amapeza pogulitsa botolo pa msika wa Mbamba Bay, zonsezi ndi zabwino ndipo zipitirire. Wogulitsa agulitse chakudya monga chakudya. Koma pamene auza mnzake wotopa kuti asavutike ndi ulendo wa kuchipatala, wasenza mlandu wa moyo wa munthu, ngakhale atachita mosadziwa.

Chifukwa chake ndikupempha akulu a mipingo, amene kuyambira masiku a Archdeacon William Percival Johnson, amene manda ake ali ku Liuli, anayendetsa limodzi guwa ndi chipatala pa gombe lino, kuti anene za nkhaniyi pa misonkhano ya amayi. Ndikupemphanso akuluakulu a zaumoyo m'boma la Nyasa kuti alengeze momveka, m'Chiswahili ndi m'zinenero za pagombe, kumene munthu wa ku Mbaha kapena wa ku Lipingo angayezetse TSH, kaya ndi pafupi, kaya ndi ku Mbinga, ku Peramiho kapena ku Songea, mtengo wake, ndi kumene angapeze mapiritsi mwezi ndi mwezi, pakuti msewu wa tara wochokera ku Mbinga wafupikitsa ulendo, ndipo magazi angathe kuyenda m'botolo m'malo mwa wodwala. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, inde. Koma ayenera kudziwa khomo loti agogode. Ndipo oyang'anira misika atenge timabotolo tawo toyesera, tija timene dontho lake limadetsa mchere ngati muli ayodini, nayese mchere wa miyala umene umagulitsidwa pa miyulu ndi m'makapu. Pakuti munthu wamkulu amafunika mamaikirogalamu 150 okha a ayodini pa tsiku, mayi woyembekezera 250, ndipo ochepawo amauluka mchere ukasiyidwa posavundikira, pa dzuwa, pa chinyontho kapena pafupi ndi moto.