Banjo yoyamba: osagula na maso chabe

Mwezi watha muzanga wa ku Chawama ananitumila foni, mau yali pamwamba: "Mwana, bwela uone, nagula banjo!" Chilimba chake chonse chinathela pamenepo. Nitafika, chintu chinali kung'anima zoona, monga mpando wa mu barbershop. Koma ukachuna, usanasilize olo nyimbo imodzi, nthambo zamasuka kale. Manje ili pa chipupa pafupi na kalenda, ikongoletsa nyumba. Imwe amene mufuna kuyamba, nkhalani pansi tikambe musanatume ndalama kuli muntu.

Banjo si mlendo kuno. Ba mudala athu kumunzi anali kupanga yao na chitini cha saladi, thabwa na mawaya ya mabuleki ya njinga. Kalindula inakulila pa ma banjo yamene aya pamodzi na babatoni, ma band monga Amayenge yasanaiike pa magitala ya malaiti. Ija ya mu shop inachokela ku America, kwamene akapolo ochoka ku Africa anaipanga pokumbukila zoimbila za kwao, monga akonting ya a Jola ku Senegal na Gambia. So mukaigula, ninshi mwaibweza chabe kunyumba.

Choyamba, pendani nthambo. Ya nthambo 4 ni ya jazz yakudala na nyimbo za ku Ireland. Ya 6 ni gitala yamene yavala malaya ya banjo: ngati muziba kale gitala muzalila nayo lelo lomwe, koma simuzaphunzila banjo. Yamene mumvela mu country na bluegrass, ija yothamanga monga ya Earl Scruggs, ni ya nthambo 5, ndipo ya chisanu ni kafupi, iyambila pakati pa khosi. Iyi ndiye niuza oyamba kugula. Ichunidwa mu G, kutanthauza kuti mukakwapula chabe osagwila paliponse, G yalila. Gonekani chala pa fret ya 5, mwapeza C. Pa 7, D. Na zitatu izi mungalondole nyimbo zambili za kalindula na makolasi ya ku church tsiku loyamba.

Funso ina ni ya kumbuyo. Yina ili na mbale ya thabwa kumbuyo, resonator, yina ni yotseguka. Ya mbale ilema, idula, futi ipanga chongo maningi. Ngati munkhala mu room imodzi ndipo ba landlord ali kuseli kwa chipupa, tengani yotseguka. Usiku mufaka ka sokosi olo kathaulo mukati, mau yatsika, mtendele pa yard.

Manje apa ndiye pamene ndalama zimafela: khosi. Inyamuleni monga mfuti, muyang'ane kuchokela kumutu mpaka pansi. Ngati yapindika monga nthochi, bwezani, olo ogulitsa alumbile bwanji. Funsani ngati ili na truss rod, kansimbi ka mukati kowongolela khosi. Dinizani nthambo pa fret iliyonse. Zikankhala patali maningi na thabwa, vala zizababa, ndipo pakapita masabata yabili muzaleka, muzayamba kukamba ati banjo ni yovuta, kanshi ni yanu chabe ndiye yoipa. Pa fret ya 12 mau yafunika kufanana na ya nthambo yosagwila, kungokwela pamwamba. Yakasiyana musathabe msanga: ka bridge ka banjo sikomatiwa na glue, kagwilidwa chabe na nthambo, so mungakasendeze pang'ono mpaka vilingane. Ici ni chokonzeka. Khosi yopindika yopanda nsimbi mukati, iyayi.

Pindululani makiyi yonse, maka-maka ka nthambo ya chisanu. Pa ma banjo yochipa kambili kamankhala kopanda magiya, kamatelela kokha. Chunani, lizani maminiti 10 pamene apo ogulitsa akuyang'anani, mumvele ngati ikali pamalo. Akakana kuti muiyese, ninshi wakuyankhani kale. Chikumba cha pamwamba masiku yano ni pulasitiki. Onani kuti sichinang'ambike ndipo tuma hook tochimanga tulipo tonse.

Pa maina, Gold Tone AC-1 na Deering Goodtime ndiye yamene oyamba ambili kunja amayambila. Ni yabwino, koma mtengo uli mu madola, ndipo mukaikapo transport na msonkho, mutu uzungulila. Kwa ine, second hand yamene mwagwila na manja yanu ipambana yatsopano yamene mwaona pa chithunzi chabe. Ngati simuziba kuyesa, pitani na woliza gitala wa ku church kwanu, mumugulile drink. Ndipo musapeleke ndalama yonse: siyankoni ya nthambo za spare, chifukwa za banjo zambili zili na kalupu kumapeto, osati kampila monga za gitala, ndipo si shop iliyonse mu town izisunga. Tuner musagule, ya pa foni ni ya mahala.

Ija ya muzanga wa ku Chawama tinaipeleka kuli mudala wina okonza magitala. Anaiyang'ana kamodzi chabe, ati khosi inapita kudala. Akali kuigulitsa pa mtengo wa "give away", koma namba yake sinizakupatsani.