Galimoto ya mphepo yodikira magetsi

Pali kachitidwe kena m'maphunziro a sayansi kamene kangaseketse aliyense woganiza bwino: ana amauzidwa kupanga kagalimoto koyendera mphepo, kenaka mazenera amatsekedwa, ndipo mphunzitsi amayatsa fani ya magetsi kuti kagalimotoko kasunthe. Magetsi akathima phunziro limaima, chonsecho panja mwera, mphepo yozizira ija yochokera kum'mwera chakum'mawa m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ukuulutsa zovala pachingwe.

Phunziro lenilenilo lilibe chilema, ndipo silifuna zipangizo zogula za m'bokosi lonyezimira, pakuti katoni, zitsekerero zinayi za mabotolo, timabango tiwiri ndi jumbo n'zokwanira. Thanga, lomwe ndi nsalu kapena pepala logwira mphepo, likakula kagalimoto kamakankhidwa mwamphamvu, koma likatalika mopitirira kamagwa chafufumimba, popeza mphepo imakankha kumwamba pamene mateyala atsalira pansi. Mdani winayo ndi kukhulana, ndiko kugwirana kwa zinthu ziwiri kumene kumadya mphamvu, ndipo mwana amene wapaka kandulo pamene bango likuzungulira wakumvetsa kuposa mnzake amene waloweza tanthauzo lake pabolodi.

Chodandaulitsa, chomwe si chachilendo, n'chakuti mwana wopinda waya kuseri kwa nyumba, kupanga galimoto yokhala ndi chiwongolero chokhotetsadi mateyala, amakalipiridwa kuti akutaya nthawi, pamene wolakatula matanthauzo ngati pemphero amatchedwa wanzeru. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo nzeru yoloweza ndi fodya wa pachala amene amauluka mayeso akangotha.

William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala, anaona chithunzi m'buku la Using Energy, ndipo mu 2002 anaimika makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, fani ya thirakitala ndi dayinamo ya njinga. Anthu ankati wachita misala, ngakhale lero aliyense amafuna kuoneka ngati anadziwiratu.

Ngakhale ophunzira kwambiri mphepo imawapusitsa. Kwa zaka zambiri anthu ambiri ankakana kuti galimoto yopita kumene mphepo ikulowera ingathamange kuposa mphepoyo, mpaka mu 2010 pamene Blackbird, galimoto ya Rick Cavallaro ndi anzake, inathamanga ku California pafupifupi katatu kuposa mphepo yoikankha, chifukwa mateyala ake amazungulitsa chopukusira chachikulu chimene chimakankhira mpweya kumbuyo. Mu 2021 pulofesa wina wa fizikisi, Alexander Kusenko, anakayikirabe kafotokozedwe kake, anabetcherana ndi Derek Muller, yemwe ankakavomereza, ndipo pulofesayo analuza madola 10,000.