Tembenuzani botololo muone nambala

Tsiku lina ndinaima pamsika ku Limbe kuti ndigule thobwa. Mayi wogulitsa anali atangothira thobwa lotentha m'botolo lomwe kale munali madzi ogula, ndipo botololo linali litakwinyika ngati nkhope ya gogo. Nditafunsa, anangoseka: "Achimwene, pulasitiki ndi pulasitiki basi." Pepani mayi, si choncho ayi.

Abale anga, tembenuzani botolo, ndowa kapena kontena. Kunsi kwake nthawi zambiri kumakhala kachizindikiro ka ngodya zitatu, m'kati muli nambala, kuyambira 1 mpaka 7. Nambalazi anaziyambitsa opanga pulasitiki a ku America mu 1988, ndipo zimanena mtundu wake.

Nambala 1 ndi PET, ya mabotolo a madzi ndi zoziziritsa kukhosi. Imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 70, pomwe madzi amawira pa 100. Ndiye mukathiramo thobwa longochoka pamoto mukuyembekezera chiyani? Lizizire kaye.

Nambala 2, HDPE, ndi ya zigubu. Njolimba, njabwino kusungira madzi. Koma chigubu chomwe munali mankhwala a kumunda kapena petulo chisaonenso madzi akumwa, ngakhale mutachitsuka ndi sopo kakhumi.

Nambala 3, PVC, ndi ya mapaipi ndi zokutira mawaya a magetsi. Muli klorini, ndipo ikapsa imatulutsa utsi wapoizoni. Anyamata ootcha mawaya pofuna kopa, mapapo anu alibe sipeya.

Nambala 4, LDPE, ndi yofewa ija yomangira mafirizi. Imasungunuka pa madigiri pafupifupi 110, pomwe mafuta okazingira tchipisi amafika 170 n'kupitirira. Majumbo opyapyala ambiri ndi a nambala 2 kapena 4. Tsono taganizirani tchipisi chochoka pachiwaya n'kugwera m'kajumbo, kapena jumbo yovundikira mpunga pamoto. Tikudya chiyani, anthuni?

Nambala 5, PP, ndiye mnzake wa chakudya chotentha, chifukwa imasungunuka pa madigiri pafupifupi 160. Makontena ambiri a chakudya ndi masaka a chimanga ndi a mtundu umenewu. Nambala 6 ndi timabokosi toyera topepuka tija ta m'malesitilanti, sitigwirizana ndi mafuta otentha. Nambala 7 ndi mulu wa zotsala zonse.

Mu 2015 boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuroni 60, ndipo Supreme Court inagwirizana nazo mu 2019. Zinali bwino, aliyense amene anaona majumbo mumtsinje wa Mudi sangatsutse. Koma lamulolo limayeza kukhuthala kwa pepala, silimuuza wogulitsa phala kuti botolo ili lisakhudze moto.

Ntchito imeneyo njathu. A Malawi Bureau of Standards aonetsetse kuti chiwiya chilichonse chapulasitiki chili ndi nambala yooneka. Makhonsolo apachike nambalazi m'Chichewa pazipata za misika. Ana asukulu, chemistry ija musaisiye m'kope, kawawerengereni amayi kunsi kwa ndowa. Ndipo inu ageni anzanga, kontena ya nambala 5 mumagula kamodzi, koma kasitomala akaona botolo lopindika sabweranso.

Akulu akale anati safunsa anadya phula. Ife tikapanda kufunsa, tidya pulasitiki.