ZA UMOYO WATHU: Zoyera za m'kamwa si zofanana zonse

Amalonda anzanga, sabata ino titsegule kukamwa, osati poitanira makasitomala ayi, koma pa galasi.

Mawanga oyera pa lilime, m'masaya kapena m'nkhama ndi vuto lofala ndithu, koma alipo a mitundumitundu. Ena amaoneka ngati chambiko chomatirira. Mukawapukuta ndi kansalu amachoka, pansi pake n'kutsala pofiira, powawa. Amenewa amabwera ndi tizilombo totchedwa Candida, timene anthu ambiri timakhala nato m'kamwa popanda vuto, koma timachuluka thupi likafooka. Amagwira makanda, odwala shuga, amene amwa makapisozi nthawi yaitali, ovala mano oikirira, komanso amene HIV yawatsitsa chitetezo. Choncho musathamangire kunong'onezana za mnzanu wa benchi yoyandikana. Diso lanu si makina oyezera magazi.

Mtundu wina ndi wachinyengo. Banga lake silichoka ngakhale mulikhule bwanji, ndipo kawirikawiri silipweteka. Madokotala amati leukoplakia. Limakonda osuta fodya, oika fodya wopera m'kamwa ndi okonda mowa. Ambiri mwa mawanga otere safika poipa, koma ena amasanduka khansa mwakachetechete, mwini wake ali kalikiliki kuwerenga ndalama za malonda.

Nanga kuchipatala amadziwa bwanji? Amakufunsani za fodya, mowa ndi mankhwala amene mwamwa. Amayang'ana ndi nyali, n'kupala banga lija ndi kamtengo kuti aone ngati lichoka. Angakuyezeni shuga ndi HIV, poti mizere yoyera m'mbali mwa lilime nthawi zambiri imasonyeza chitetezo chotsika. Apa osaopa: ma ARV ndi aulere m'zipatala za boma kuyambira 2004. Banga likakayikitsa amadula kachidutswa kakang'ono kukapima, ndipo ndi njira yokhayi yotsimikizira ngati pali khansa.

Chimene ndikukana ine n'chogula makapisozi pa tebulo la mnzathu. Kwa Candida, kumeneko n'kuthira palafini pa moto. Mankhwala ake ndi ena, monga nystatin.

Lamulo ndi ili: banga loyera likatha milungu iwiri osachoka, siyirani mlamu benchi m'mawa umodzi, pitani ku chipatala, makamaka kwa a mano. Phindu la tsiku limodzi limabwerera, lilime ayi. Paja safunsa anadya phula.

Tikumane sabata yamawa.