Filimu ya Thawulo Ija: Tisanavote Lachisanu

Anzanga, papita masabata awiri chionereni filimu ija ya The Hitchhiker's Guide to the Galaxy ku kalabu ya Chingerezi, koma mkangano wake sukutha. Pa mjigo ndi womwewo, pokolopa ndi womwewo, ngakhale m'njira yopita kunyumba. Ambiri mukuti inali ya misala, yopanda mutu, tinangotha batire ya laputopu ya aphunzitsi pachabe. Pa anthu anayi amene tinawerenga bukulo, atatu akuti filimuyo inapha buku. Lachisanu likubwerali tivota ngati tipitirize kuonera mafilimu ochokera m'mabuku kapena tibwerere ku mitsutso yokhayokha, ndiye ndati ndipachike maganizo anga pano musanakweze manja.

Kwa amene munathawa tsiku lija, nkhani yake ndi iyi. Bambo wina wa ku England, Arthur Dent, akudzuka m'mawa n'kupeza chigalimoto chogumulira nyumba chaima pakhomo pake, ati pamenepo padutsa msewu. Iye akugona pansi kutsogolo kwa chigalimotocho, zovala zogonera zili m'thupi. Mnzake Ford Prefect akubwera kudzamuuza kuti za nyumba aiwale, chifukwa dziko lonse lapansi latsala pang'ono kuphwanyidwa. Chifukwa chake? Nalonso latchinga msewu, wa m'mlengalenga. Ford uja si wa kuno, kwawo ndi kufupi ndi nyenyezi yotchedwa Betelgeuse. Awiriwa akuba lifiti m'chombo cha ophwanya dziko aja, zizolengedwa zonenepa, zamakwinya, zotchedwa Vogon, ndipo ulendo wayambira pamenepo.

Ndiyambe ndi inu amene mukuti inalibe mutu. Ine ndikudziwa chimene mumadikira. Tinazolowera za ku vidiyo sho pa msika, zoti mwini filimu amenye anthu 20 yekha, adumphe mpanda, bomba liphulike kumbuyo iye osacheuka. Ndiye mwaona munthu wamantha amene akuyendayenda mlengalenga monse atavala gawuni yosambira, chimene akufuna ndi kapu ya tiyi basi, mwati zachibwana. Koma taganizaninso za nyumba ija. Amene mumakhala m'mbali mwa msewu waukulu munaonapo nyumba zolembedwa chizindikiro chofiira pakhoma, eni ake n'kumafunsana kuti zinagwirizanidwa liti zimenezi. Wolemba bukuli anatenga chinthu chomwecho n'kuchikulitsa mpaka chakwana dziko lonse. Mkulu amene amauza Arthur kuti akanadandaula kale, mapulani anali ku ofesi, nayenso akumva mawu omwewo kuchokera kumwamba: mapulani ophwanya dziko anaikidwa kale ku ofesi ina ya ku nyenyezi ya Alpha Centauri, ngati simunapite kukawaona ndi vuto lanu. Wamkulu kwa iwe alinso ndi wamkulu wake amene sakumudziwa n'komwe dzina. Ngati umenewo si mutu, kaya.

A Vogon aja ndiye anandimaliza. Alibe nyanga, alibe mano oopsa. Chida chawo ndi fomu ndi chidindo. Mtsikana uja Trillian atagwidwa, Arthur sakupita ndi mfuti kukamupulumutsa, akukaima pa mzere n'kudzaza mapepala, kenako akuuzidwa kuti wadzaza olakwika. Aliyense amene anaperekezapo agogo ake ku ofesi iliyonse, mwayenda kuyambira tambala woyamba, mwafika pa windo n'kuuzidwa kuti wosayina watuluka mubwere mawa, ameneyo anamudziwa Vogon filimu isanathe. Ndinamva ena akumbuyo akuseka pamenepo, omwewo amene lero akuti sanatolepo kanthu.

Chimene chinakwiyitsa anthu kwambiri ndi 42. Kompyuta yaikulu yotchedwa Deep Thought inafunsidwa yankho la moyo, chilengedwe ndi zonse. Inaganiza zaka 7.5 miliyoni, anthu anasonkhana ngati pa msonkhano wa ndale, iyo n'kunena kuti yankho ndi 42. M'kalasi munamveka "Aaaa!" ndipo anyamata atatu anatuluka. Akanadikira mphindi imodzi akanamva kompyutayo ikufotokoza kuti vuto ndi lakuti ofunsawo sankadziwa funso lenileni. Ife a Fomu 2, JCE ili pakhomo, sitiyenera kudabwa nazo. Tilipo angati amene taloweza mayankho a mapepala a zaka zam'mbuyo, A, C, C, B, funso lake osalimvetsa? Munthu wa likasa ali ndi 42 wake m'sokosi, akungopemphera kuti funso ligwirizane nalo.

Ndiye pofuna kupeza funsolo anapanga kompyuta ina yaikulu kuposa ija, yoti igwire ntchito zaka 10 miliyoni. Kompyutayo ndi dziko lapansi lino, ife tomwe tili zipangizo zake, ndipo a Vogon analiphwanya kutatsala mphindi zochepa chabe kuti ntchito ithe. Eni ake a ntchito yonseyi, amene analipira kuti dziko lipangidwe, ndi mbewa. Apa pokha ndikupempha anzanga amene mumakumba mbewa tikatsekera sukulu, n'kumakazigulitsa zopanika pa msewu: mwakhala mukudya mabwana ndi mchere.

Tsopano kwa anzanga atatu a buku. Pali zina zimene ndikugwirizana nanu, ndipo zinandipweteka ngati inu. Ine bukuli linanditengera masabata atatu, dikishonale pambali, tochi ya sola ikuzima pofika 9 koloko. Kukoma kwake kuli m'mawu. Wolemba amayamba chiganizo ngati akupita kumadzulo, n'kukutembenuza mwadzidzidzi, umazindikira kuti waseka utadutsa kale mzere wina. Chitsanzo ndi pa mapulani a nyumba paja. M'buku Arthur akufotokoza pang'onopang'ono m'mene anawapezera: kuchipinda cha pansi, kopanda magetsi, kopanda masitepe, m'kabati yokhoma, m'chimbudzi chosagwiritsidwa ntchito, pachitseko atalembapo zochenjeza za kambuku. Chilichonse chikuwonjezera pa chinzake mpaka umagwira m'mimba. M'filimu anangotchula za chipinda cha pansi n'kudumphira kwina. Zili ngati munthu wakupatsa chimanga chowotcha, waluma kamodzi, iye n'kulanda. Opanga filimuyi ankaopa kuti anthu atopa ndi zolankhula, ndiye anadula michira ya nthabwala zambiri, pomwe nthabwala kukoma kwake ndi kumchira.

Chachiwiri ndi chikondi chija. M'buku Trillian ndi katswiri wa masamu ndi sayansi ya nyenyezi, ndipo Arthur anangokumana naye kamodzi pa phwando, mtsikanayo n'kupita ndi wina. Zinathera pomwepo. M'filimu anazikoka mpaka zakhala msana wa nkhani, Arthur akumuyang'ana momvetsa chisoni, kumapeto akupsompsonana. Mtsikana wina wa Fomu 3 ananena tikutuluka kuti munthu wanzeru kuposa onse m'chombomo anamusandutsa mphoto ya pa mpikisano wa anyamata awiri. Sindinapeze chomutsutsa. Ndiponso mutu wachiwiri wa Zaphod, pulezidenti wopusa uja, umene anaubisa pansi pa chibwano n'kumatulukira ngati chule, sunandisangalatse ngakhale pang'ono.

Koma pamene mukunena kuti wolemba akanakhala moyo sakanalola kusintha kotere, pamenepo ndiye tasiyana. Douglas Adams anamwalira pa 11 May 2001 ku California ali ndi zaka 49, ndipo kumeneko anasamukirako akulimbana ndi zoti filimu yomweyi itheke. Anasiya atalemba kale zolemba zake, Karey Kirkpatrick n'kudzamalizitsa, Garth Jennings n'kuitsogolera, ndipo inatuluka mu 2005. Humma Kavula, mtsogoleri wa chipembedzo cha anthu odikira mpango waukulu wopukutira mphuno uja, amene mukuti anamulowetsa mwakuba chifukwa m'buku mulibe, anamupeka ndi Adams mwini wake. Komanso buku limene mukuliteteza ngati ndiye chiyambi silinali loyamba. Nkhaniyi inayamba ngati sewero la pa wailesi ya BBC mu 1978, buku linabwera mu 1979, pa wailesi yakanema mu 1981, ndipo paliponse Adams ankasintha zinthu, kuchotsa izi, kuika izo. Agogo anga akamakamba nthano ya Kalulu ndi chitsime, ya chaka chino siifanana ndi ya chaka chatha, mwina Fulu walankhula zambiri, mwina Njovu yapsa mtima msanga. Palibe mdzukulu amene anaimirirapo kuti agogo mwaphwanya nthano.

Ndipo pali zina zimene filimu inandipatsa zimene tsamba silikanatha. Ndikuwerenga, a Vogon ndinkangowaona ngati anthu onenepa obiriwira. Aja tinaona aja anali zidole zenizeni zazikulu, zopangidwa ndi a Jim Henson's Creature Shop, muli anthu mkati, n'chifukwa chake milomo yawo yonyowa ija inkanyansa zenizeni. Malo opangira maiko aja, pamene mkulu Slartibartfast akuyendetsa Arthur pa kangolo, antchito akudzaza nyanja ndi paipi, wina akupenta thanthwe, m'kalasi munali zii, ngakhale otafuna nzimbe anasiya. Mkulu ameneyu analandira mphoto chifukwa chokonza magombe okhotakhota a dziko la Norway, ndipo m'buku akunena kuti pa dziko lachiwiri anamupatsa Africa kuti aikonze, iye akuikamonso magombe omwewo chifukwa ndi amene amawakonda. Ngakhale m'nthabwala, Africa akutikonzera ndi munthu amene mtima wake uli kwina.

Nanga Marvin? Loboti ya mutu waukulu ngati dzungu, yanzeru zoopsa, koma yokhumudwa nthawi zonse chifukwa ntchito imene amaituma ndi yotsegula zitseko ndi kuperekeza alendo. Mawu ake analankhula ndi Alan Rickman, mkati mwa chidolecho munali Warwick Davis. Ngakhale amene Chingerezi chinawadutsa ankaseka akangomva kuusa moyo kwake. Tonse tili naye Marvin kwathu, m'bale amene anakhoza bwino Fomu 4 koma akungolondera mbuzi, ukamupatsa moni umanong'oneza bondo.

Chimene ndinachikonda kuposa zonse m'buku mulibe. Ndi mfuti ija yoti ukawombera munthu safa, koma amayamba kuona zinthu m'mene iwe ukuzionera. Marvin atawombera nayo a Vogon, onse anagwa pansi ndi chisoni. Itapezeka pa sukulu pano ndingaibwereke tsiku limodzi lokha. Ndingaime nayo pa geti m'mawa wa mvula, ndikafika mochedwa nditayenda makilomita 8 ndi kuwoloka mtsinje nsapato zili m'manja, n'kuwombera amene wagwira ndodo ndi khasu la chibalo uja. Kamodzi kokha basi. Kenako ndingawabwereke iwonso andiwombere, mwina ndingamve m'mene zimakhalira kuphunzitsa anthu 90 m'kalasi imodzi.

Pali chinthu chimodzi chimene palibe akuchitchula pa mkangano wonsewu. Ambiri filimu ija simunaimve. Tinali anthu oposa 60 pa laputopu imodzi, sipika yake ngati ya foni, mvula ikumenya malata, azungu akulankhula mothamanga, mawu olembedwa pansi aja osayatsidwa. Mbali zoseketsa kwambiri ndi pamene buku la m'filimulo likufotokoza zinthu ndi mawu a Stephen Fry, ndipo pamenepo ndi pamene akumbuyo ankangoona tizithunzi tikuyendayenda. M'nkhanimo muli kansomba kachikasu kotchedwa Babel, ukakalowetsa m'khutu umamva chilankhulo chilichonse. Ife tinalibe. Wina wanena kuti tikanapeza yomasulira ya a DJ a ku vidiyo sho. Zoona tikanaseka, koma tikanaseka za DJ, Arthur akanasanduka wa ku Ntcheu wofuna mbatata, za 42 zija akanazidumpha n'kuyamba kupereka moni kwa ma kasitomala.

Za thawulo ndisaiwale, poti ena mwakhala mukufunsa chifukwa chake Ford sankalisiya. Bukuli limati paulendo wa mlengalenga palibe katundu wofunika kuposa thawulo: ufunda, ugonera, udziteteza nalo, ukodola nalo anthu. Okonda Adams amanyamula thawulo pa 25 May chaka chilichonse pomukumbukira. Azungu anachita kulembera buku chinthu chimene amayi athu anachidziwa kalekale ndi chitenje, chimene amaberekera mwana, kumangira ufa, kupangira nkhata, kutchingira dzuwa ndi kusungira ndalama pa mfundo.

Ndiye Lachisanu ine ndikweza dzanja kuti mafilimu apitirire, ndipo iyi tiibwereze. Koma tichite mwadongosolo. Tiyambe tawerengera limodzi mitu itatu yoyambirira ya bukulo mokweza, aphunzitsi akutithandiza mawu ovuta, n'cholinga choti nthabwala zimene filimu inadula tikhale tazimva kale. Tibwereke sipika ya kwaya, tiyatse mawu olembedwa pansi, ndipo a msinkhu wautali akhale kumbuyo. Amene adzanenebe kuti ilibe mutu pambuyo pa zimenezi, ndidzamumvera, chifukwa adzakhala akunena za filimu imene waionadi. A Fomu 3 ndi 4 amene mukufuna mafilimu kuti musamawerenge mabuku a Literature, musandiwerengere m'gulu lanu ngakhale tikweze manja limodzi. Mwaona nokha kuchuluka kwa zimene zasiyana pakati pa buku ili ndi filimu yake, ndipo wochonga mayeso adzafunsa za m'buku.

Vuto ndi lakuti bukulo lilipo limodzi lokha mu laibulale, chikuto chinamatidwa kale ndi selotepi, ndipo pa kope la obwereka pali mayina 12 amene akudikira. Amwene amene munalitenga tsiku lotsatira filimu ija, dzina lanu sindilemba pano, koma mukudzidziwa. Libwere pofika Lachitatu.

Wa Fomu 2